Amalume Anga, Dokotala wa Atombolombo

Sabata yatha kunyumba kwathu ku Boma kunafika mtsikana wina atabereka chikwama kumsana, ukonde wogwirira tizilombo uli m'manja. Anati akuchita kafukufuku ku yunivesite ndipo akufuna a Dokotala Murima. Dzina lawo analipeza m'nkhokwe ya pa intaneti momwe asayansi a maiko onse amasungamo mbiri ya tizilombo. Anati akatsegula za atombolombo a m'phiri la Mulanje, dzina la wowagwira limangokhala lomwelo. Ndinamuuza kuti wachedwa, mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda. Mtsikanayo anakhala pansi pakhonde osadikira mpando, kenaka anafunsa kuti anali munthu wotani. Ndinamusendera nanazi, ndinamulozera njira ya ku Likhubula, kokwerera phiri, koma funso lakelo sindinaliyankhe. Ndikuyesa tsopano.

A Aliponse Murima anali amalume anga, achimwene awo a mayi anga. Makolo awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, wapansi, kudzathyola tiyi, ndipo ana onse anabadwira m'makomboni a esiteti. Mwa ana onsewo, amene sukulu inawakonda anali amalume okha. Anapita mpaka kunja, nabwerako ndi udokotala umene mayi anga sanaukhululukire mpaka lero. Kumudzi atamva kuti mwana wawo ndi dokotala, anthu anabwera ndi zilonda ndi ana otentha thupi, amalume n'kumawauza mwaulemu kuti udokotala wawo ndi wa tizilombo. Mayi amati tsiku limenelo agogo analowa m'nyumba n'kutseka chitseko chifukwa cha manyazi.

Ntchito yolipidwa ankagwira pamalo ena ofufuzira za tiyi, kulimbana ndi tizilombo toononga masamba. Ankaigwira mokhulupirika, koma mtima wawo unali pa atombolombo, makamaka kaulukidwe kawo. Atapuma pantchito, zinthu zinafika poipa. Umatha kumawauza nkhani ya maliro, iwo n'kuona maso awo achoka pankhope pako akutsata kanthu kodutsa pamwamba pa mpanda. Kutchalitchi ankapita ndi jekete yabwino pamwamba, magambutsi kumapazi, chifukwa ankati mapemphero akatha dzuwa limakhala litafika poyenera ndipo kumtsinje sikudikira munthu wokasintha nsapato. Ankadana ndi mawu oti kachilombo kachabechabe. Ankati amene amanena choncho ndi munthu amene sanakhalepo pansi n'kuyang'ana, ndipo kuyang'ana ndi ntchito yolemetsa kuposa kulima, n'chifukwa chake ambiri amaithawa.

Mayi anga ankawayankha kuti mawu otero amalankhula munthu wokhuta.

Awiriwa ankakangana chilichonse. Mayi ankati boma linataya nthawi kuphunzitsa munthu woti azithamangitsa zouluka ngati mphaka. Amalume ankati mlongo wawoyo akanapita kusukulu akanakhala jaji, ndipo ndende zonse zikanadzaza. Akakangana choncho, mawa lake mayi ankatumiza mbale ya nyemba za kalongonda, podziwa kuti achimwene awo amazikonda, ndipo amalume ankabweza mbaleyo muli mapeyala. Kupepesana kwawo kunali komweko.

Munthu amene ankawamvetsa anali mkazi wawo, azakhali Filomena. Iwo anabwera nthawi ya nkhondo ya kutsidya, atawoloka malire pa Muloza ndi kamtolo pamutu. Chichewa chawo chinali chosakaniza mpaka ukalamba. Chitenje ankachitchula kuti kapulana, ndipo akapsa mtima ankatukwana m'Chipwitikizi kuti ansembe asamve. Sukulu sanapite nayo patali, koma dzanja lawo linali lofulumira pa ukonde kuposa la amuna awo, ndipo ankawaseka nazo. Ana sanakhale nawo. Anthu ankanong'ona za zimenezo, monga achitira anthu.

Ndinakwera nawo ku Chambe, m'phiri la Mulanje, kamodzi kokha, ndili kale ndi ana anga. Amalume anali patsogolo ndi kamera yolemera yomwe anzawo akunja anawabwereka, azakhali pambuyo akudandaula za mawondo. Pamwamba, pafupi ndi kanyumba kogona alendo, panali kamtsinje kozizira kodutsa pakati pa miyala, fungo la mkungudza lili ponseponse. Tinakhala pamenepo duu mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka amalume anatsegula laputopu n'kundionetsa zomwe anajambula, atazichedwetsa. Ndinaona tombolombo ataima m'malere, mapiko ake anayi lililonse likupalasa pa lokha, akutsogolo akukwera pamene akumbuyo akutsika. Kenaka anabwerera chambuyo osatembenuka. Anandionetsanso wina akugwira kantchentche. Sankakathamangitsa kumbuyo ayi, ankalunjika pamene kantchentcheko kakafike, n'kukumana nako komweko.

"Rosina, waona?" anandifunsa. "Kamutu kochepa ngati njere ya mapira, koma kakudziwa za kutsogolo. Ife ndi mitu yathu yaikuluyi timangodzidzimuka."

Tsiku lomwelo anandionetsa chithunzi china chimene ndinkayesa ndi munda wa chinangwa wodulidwa mitengo. Anati ndi phiko la tombolombo, lojambulidwa ndi makina amphamvu kwambiri a kunja. Pamwamba pa phikolo pali timinga tating'onoting'ono toti ngakhale makina oonera a kuchipatala sangationetse, ndipo tizilombo toyambitsa matenda tikatera pamenepo timang'ambika. Ankanenanso za mtundu wina wa atombolombo achikasu amene amabwera ndi mvula yoyamba. Ankati amenewo amawoloka nyanja yaikulu ya mchere kuchokera ku India, kutsata mitambo. Azakhali anaseka, nati ndiye kuti ndi abale awo, chifukwa nawonso anawoloka opanda chiphaso ndipo palibe anawafunsa.

Kuti tombolombo alembedwe m'nkhokwe ija, amalume ankadula kamwendo kamodzi, n'kukaika m'kabotolo ka sipiliti, n'kutumiza kunja kuti akaone DNA yake. Ankandifotokozera kuti DNA ndi chizindikiro chimene cholengedwa chilichonse chimabadwa nacho, cholembedwa m'thupi lonse, m'tsitsi ndi m'chikhadabo momwe, ndipo sichinama. Timabotolo timeneti ankatisunga m'firiji kunyumba kwawo, ndipo ndi timene tinawabweretsera tsoka.

Chaka chimene kunabuka mphekesera za anamapopa, pamene mlendo aliyense wonyamula chikwama ankaoneka ngati wopopa magazi, gulu la anthu linafika pakhomo pawo masana dzuwa likuswa mtengo. Wina anali atanena kuti m'nyumbamo muli mabotolo. Mwala unaswa zenera. Amalume anaima pabalaza akuyesa kukonza mawu ofotokozera. Azakhali sanadikire. Anamanga kapulana m'chiuno, natsegula chitseko, naitana amayi atatu amene ankapemphera nawo limodzi kuti alowe. Anatsegula firiji n'kuwapatsa timabotolo m'manja.

"Onani bwinobwino. Magazi ali pati? Ndi miyendo ya atombolombo iyi. Mwamuna wangayu ndi wopenga, inde, ndakhala naye ndikudziwa. Koma kupenga kwake n'komweku, sikupitirira apa."

Amayi aja anatuluka akuseka, gulu linabalalika. Amalume sanaiwale. Ankati digiri yawo yonse inalephera kuchita zimene Filomena anachita ndi chitseko cha firiji.

Ndiye kunabwera mvula ija, ya chimphepo chochokera kunyanja ya mchere, imene aliyense wa kuno amaikumbukira. Azakhali anali atapita kumudzi wina kufupi ndi Muloza, m'tsinde mwa phiri, kukadwazika mchemwali wawo. Mvula inagwa osalekeza mpaka phiri linamasuka. Akuluakulu amati napolo wadutsa. Matope, miyala ikuluikulu ngati nyumba ndi mitengo yozuka zinatsika pamodzi, ndipo mbali ya mudzi umene azakhali anagona inafafanizika. Mtembo wa mchemwali wawo unapezeka. Wa azakhali ayi.

Milatho inali itakokoloka, choncho tinafikako patapita masiku, ine ndi amalume, pena pa kabaza pena wapansi. Sindidzafotokoza fungo lake. Anthu ankakumba ndi makasu ndi manja. Mitembo ina inkapezeka kutali kumunsi, m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo, itatupa, nkhope zitachoka, yosadziwika ngati ndi ya kuno kapena ya kutsidya. Yotereyi sinkadikira. Adzukulu, anthu okumba manda, ankaikulunga m'mphasa kapena m'pulasitiki n'kuikwirira tsiku lomwelo.

Ndinali ndisanadziwe chimene chinali m'chikwama cha amalume. Titafika pamalo pamene ankaika mitembo yosadziwikayo, anagwada pansi n'kutulutsa magolovesi, kasizasi ndi timabotolo ta sipiliti. Anapita kwa mkulu wa adzukulu, bambo wa maso ofiira amene ana ake anali asanapezeke, navula chipewa.

"Bambo, pepani ndi zovutazi. Ndili ndi pempho. Musanakwirire, mundilole nditengeko katsitsi kapena kachikhadabo pa mtembo uliwonse. Chizindikiro chimene ndiike pabotolo, tiikenso pamanda. Tsiku lina abale awo adzayezetsa, adzadziwa pamene pagona munthu wawo. Inenso ndikufuna mkazi wanga."

Mkulu uja anawafunsa, "Mukuti mukufuna zikhadabo za maliro?"

"Kachidutswa chabe. Pali njira yoyezera..."

Sanamalize. Mnyamata wina amene anali m'dzenje anaponya fosholo kunja. "Alamu, mwamva? Ife tikulira, ena abwera kudzatola zizimba!"

Wina anawazindikira. Anakuwa kuti ndi mdala uja wa ku Boma wosunga mabotolo m'firiji, wopanda ana uja. Anthu anayamba kusonkhana. Ndinayesa kulankhula, koma mawu anga sanamveke. Chikwama chinalandidwa, timabotolo tinapondedwa m'matope, ndipo mpini wa khasu unawapeza amalume paphewa mpaka anagwa chogwada. Ndinaona akutembenuza mutu uku ndi uku m'gulumo, ndipo ndinadziwa amene akumufuna. Wotsegula firiji uja panalibe.

Amene anawapulumutsa ndi mkulu wa adzukulu yemweyo. Anaima pakati atatambasula manja, nakalipira anyamatawo m'Chilomwe mpaka anabwerera m'mbuyo. Kenaka anawadzutsa amalume, nalankhula motsitsa mawu.

"Bambo, kaya zimene mukunenazo n'zoona, kaya n'zabodza, ine sindidziwa. Koma anthu awa phiri lawalanda nyumba, lawalanda nkhope, lawalanda maina. Chatsala ndi thupi lokhali. Musawadulenso. Apite kwa Mulungu ndi zimene zatsalazo. Nyamukani, ndisanalephere kuwagwira anyamatawa."

Tikuchoka, anthu anadutsa ndi mtembo wa mayi wina pamachira a nsungwi. Unali wokutidwa, koma nsonga ya nsalu inkalendewera m'mbali, yodzaza matope. Amalume anatambasula dzanja n'kuipukuta ndi chala. Pansi pa matopewo panaoneka mtundu wobiriwira ngati mtambo, wa timaluwa toyera. Azakhali anali ndi kapulana wotero. Amayi ambirimbiri a pamsika wa Muloza analinso naye, chifukwa anali wotchipa chaka chimenecho. Onyamula aja sanaime. Amalume anatsala akuyang'ana chala chawo.

Kuchokera tsiku limenelo sanagwirenso tombolombo. Kamera anaibweza kwa eni ake. Ukonde anapatsa amayi ena oyandikana nawo kuti azitchingira anapiye. Timabotolo tonse anatitumiza kunja, ndipo m'firiji munatsala chinthu chimodzi chokha: chipeso cha azakhali, tsitsi lawo likadali m'mano ake, chokulungidwa bwino m'kapepala koyera. Ankati tsiku likadzafika loti manda aja ayezedwe, poyambira padzakhala pamenepo. Magetsi akazima ankayendayenda m'nyumba ngati munthu wodwazika.

Mwezi uliwonse ankakwera minibasi ya ku Muloza, kenaka kabaza, khasu lili m'manja. Manda a anthu osadziwika aja ali mumzere, opanda mitanda, ndipo palibe amene akukumbuka bwino kuti mayi wa nsalu yobiriwira anagona pati. Choncho amalume ankalambula onse. Poyamba anthu ankawazonda patali. M'kupita kwa nthawi anawazolowera. Mkulu wa adzukulu uja, amene ana ake sanapezeke mpaka lero, anayamba kubwera ndi khasu lake. Ndinawaperekeza amalume kamodzi, ndipo ndinaona madala awiriwo akulima moyandikana kuyambira kumayambiriro a mzere mpaka kumapeto osalankhulana. Pomaliza anagawana chinangwa chophika, aliyense n'kulowera kwake.

Pobwerera tsiku limenelo, m'minibasi, ndi pamene ananena mawu amene amandisowetsa tulo. Anali akuyang'ana minda ya tiyi pazenera.

"Rosina, kuli tombolombo wina amene ndinamugwira ku Chambe mvula isanayambe. Munthu wa ku Japani akafuna, atsegula kompyuta, aona dzina lake, mtsinje wake, chibadwa chake chonse. Ndinamulembetsa ndine. Koma mkazi amene ndagona naye mphasa imodzi moyo wanga wonse, sindingathe kuloza ndi chala kuti ali apa."

Kondakitala anali akukangana ndi mayi wina za dengu la nthochi.

Mkangano wawo womaliza ndi mayi anga unali woopsa kuposa yonse. Mabanja ambiri amene sanapeze anthu awo anatsata mwambo: anadula thunthu la nthochi, nalikulunga munsalu, naliika m'manda m'malo mwa mtembo, kuti maliro athe ndipo mzimu ugone. Mayi anapita kwa achimwene awo kukawauza kuti achite chimodzimodzi.

"Achimwene, mlamu wanga akuzunzika. Alibe pogona. Inunso mukutha ngati kandulo. Tiyeni tiike nthochi, tilire, timete, zithe."

"Sindingaike mtengo m'manda n'kumautcha Filomena."

"Nanga anzanu onse achita zimenezi ndi opusa?"

"Si opusa. Koma ine moyo wanga wonse sindinalembepo dzina pa chinthu chimene sindinachitsimikize. Ndiyambe lero, ndi mkazi wanga?"

"Sayansi yanuyo inakuthandizani chiyani tsiku lija? Inakubwezerani ndani?"

Amalume anaimirira n'kulowa kuchipinda. Ulendo umenewo mbale ya kalongonda inapita, koma inabwerera yosatsegula. Panatha miyezi asakulankhulana.

Chimene mayi sankadziwa, ndipo ine ndinachiona ndekha, ndi beseni. Masana ena a chiperoni, nkhungu itatsika m'phiri mpaka kubisa mpanda, ndinawapeza amalume atakhala pabalaza chitseko chili pululu, kunja kukuzizira. Pakhomo panali beseni la madzi ofunda ndi kansalu. Nditafunsa, anandiuza mosabisa kuti nyengo ikakhala yotero amamva munthu akupukuta mapazi pa sitepe, monga achitira munthu wochokera m'matope. Anafotokoza okha, ndi mawu awo a uphunzitsi aja, kuti ubongo ukazolowera phokoso kwa zaka zambiri umalipanga wokha likasowa, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo.

"Nanga madziwa ndi a chiyani, amalume?"

Anayang'ana beseni lija ngati akuliona koyamba. "Angafike ndi matope," anatero.

Anadwala nthawi yochepa. Chifuwa chinawagwira m'nyengo yozizira, ndipo thupi linali litatha kale. Mayi anga ndi amene anawadwazika kuchipatala, kuwamwetsa phala ndi supuni, kuwakalipira akakana. Za nthochi sanazitchulenso. Tsiku lomaliza limene analankhula zomveka, anandiuza kuti chipeso ndisataye, ndipo chili m'firiji mwanga mpaka pano, kuseri kwa mabotolo a madzi. Kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo n'kupempha kuti kumanda akawasiyire malo kudzanja lamanzere, pasagone wina aliyense.

Kwathu mwamuna akamwalira amagona kumanda a kwa amayi ake, mkazinso kwa amayi ake, ndipo achibale ena anang'ung'udza kuti mlendo wa kutsidya sangasungiridwe malo pamanda a mbumba. Mayi anga anawayang'ana kamodzi kokha, nkhani inathera pomwepo.

Manda athu ali kuseri kwa esiteti, pamene mizere ya tiyi imathera m'mitengo ya bulugamu. Malo akuchepa chaka ndi chaka, mitumbira yayandikana moti poyenda umachita kusamala popondapo. Koma kumanzere kwa amalume kuli danga lokwana munthu mmodzi, lathyathyathya, dothi lake lofiira losakumbidwapo. Mayi anazunguliza miyala ya kumtsinje m'mbali mwake kuti adzukulu asalakwitse. Tsopano palibe wowaletsa kuika thunthu la nthochi pamenepo, ndipo nthochi zili mbwee kuseri kwa nyumba yawo. Sanadulepo. Amapita ndi kakhasu kawo, nalambula manda a achimwene awo mofulumira, akuwadandaulira za mitengo ya zinthu ndi za ana a masiku ano. Akafika pa danga lija amasiya kulankhula. Amagwada, nazula udzu ndi manja, umodziumodzi, kenaka amasalaza dothilo ndi chikhatho, monga muja tiyalira mphasa mlendo akatumiza uthenga kuti ali m'njira.